Kupenta Geti Lachitsulo Kuti Dzimbiri Lisalidye Msanga

Geti loyamba limene ndinapenta ndekha linali lobiriwira, ndipo tsiku lolikweza pa pikapu linkawala moti anthu odutsa mumsewu ankaima n'kumalionerera. Munali mu Okutobala. Pofika Febuluwale, mwini wake anandiitana. Sanandikalipire, anangoloza ndi chala. Mizere yofiira inali itatsika kuchokera pa mfundo iliyonse imene tinawotcherera, ndipo kumunsi penti ankasupuka ngati makoko a mbatata yophika. Ndinkati wogulitsa penti wandinamiza. Penti uja analibe mlandu. Ndinali nditamupaka pamwamba pa mafuta, fumbi ndi dzimbiri, n'kumayembekeza kuti agwira.

Malangizo awa ndikulembera inu amisiri anzanga owotcherera mageti, mafelemu a zitseko ndi mawindo, mabaglaba ndi masitandi a mathanki, komanso inu amene mukumanga nyumba ndipo mukufuna kudziwa choyang'ana musanalipire. Mafakitale aakulu ali ndi makina amene ife sitingawakwanitse, koma zimene makinawo anapangidwira n'zomwezo zimene tingachite ndi manja: chitsulo chiyere, ndipo penti agone mopyapyala, mofanana, kangapo.

Choyamba: konzani geti likadali pa benchi

Dzimbiri ndi chitsulo chimene chakumana ndi madzi komanso mpweya. Choncho paliponse pamene madzi angaime, m'pamene geti lidzayambire kufa. Ambiri timapangira mageti machubu amakona anayi, ndipo chubu chosatseka kumwamba ndi botolo lotungira mvula. Tsekani kumwamba konse ndi kachitsulo, muwotcherere kuzungulira. Kumunsi kwa chubu chilichonse choimirira boolani kabowo ka mamilimita 6 mpaka 8 kuti chinyontho cholowa chipeze potulukira. Mageti ambiri amene ndawadula kuti ndiwakonze amakhala atadyeka kuchokera mkati, kunja penti akadali bwinobwino.

Pamene zitsulo ziwiri zakumana, musangodontheza apa ndi apo. Mpata wotsala pakati pake burashi siilowamo, sipuleyi siifikamo, koma madzi amalowa. Wotchererani mzere wonse. Mukatha, gogodani makoko onse a ndodo yowotcherera, chifukwa amakoka chinyontho ndipo penti wopakidwa pamwamba pake amagwa nawo limodzi. Timibulu tachitsulo tothethekera m'mbali tichotseni ndi galainda. Makona akuthwa muwadutsitseko galainda pang'ono kuti abunthe, pakuti penti akamauma amathawa pakuthwa n'kusiyapo kakhungu kopyapyala kwambiri.

Chachiwiri: mafuta achoke sandipepa asanafike

Chitsulo chatsopano chimabwera chitapakidwa mafuta kuti chisachite dzimbiri m'sitolo. Mukayamba ndi sandipepa kapena burashi yawaya, mukungowakanikizira mafutawo m'timikwingwirima. Yambani ndi nsalu yonyowetsa thina, mupukute, kenako mutsatize nsalu ina youma thinayo asanaume. Nsalu ikada, tengani ina. Parafini ndi dizilo musagwiritse ntchito, zimasiya mafuta awoawo.

Kuti mudziwe ngati payera, wazanipo timadzi. Madzi akayalana, payera. Akaundana timadontho ngati pa tsamba la koko, mafuta akadalipo. Pukutani madziwo nthawi yomweyo.

Chachitatu: chotsani khungu lakuda ndi dzimbiri

Apa m'pamene pali ntchito yeniyeni, ndipo apa m'pamene ambiri timathamangira chifukwa kasitomala akuimba foni.

Ma angle iron, ma flat bar ndi mapuleti amabwera ndi khungu lakuda lobiriwirako, limene ku fakitale amalitcha mill scale. Limapangika chitsulo chikamaphwanthidwa chili chofiira ndi moto. Limaoneka lolimba, ndipo amisiri ena amati ndi chitetezo, sayenera kulikhudza. Zoona zake n'zakuti khungulo silifutukuka mofanana ndi chitsulo dzuwa likatentha. Limang'aluka, chinyontho chimalowa pansi, ndipo likamasupuka limanyamula penti yense. Choipa china n'chakuti pamng'alu paja chitsulo chimadyeka mofulumira kuposa chikanakhala chopanda khungulo.

Njira imene mafakitale amachotsera khungu limeneli inayamba mu 1870, pamene Benjamin Chew Tilghman wa ku Philadelphia ku America analembetsa luso lowombera mchenga pa chinthu ndi mphamvu ya nthunzi kapena mpweya. Mpaka lero sitima zapamadzi, milatho ndi mathanki amafuta zimayeretsedwa motero. Kuwomberako kumachita zinthu ziwiri nthawi imodzi: kumayeretsa, komanso kumasiya chitsulo chili chokhakhala pang'ono kuti penti apeze pogwira. Koma ndikupempheni, musatole mchenga wa kumtsinje n'kuyamba kuwombera ndi kompuresa pabwalo. Mchengawo ukaphwanyika umatulutsa fumbi la silica limene limaumitsa mapapo, matenda omwe aja a silicosis amene anavutitsa azigogo athu ambiri obwera ku migodi ya golide ku Joni, ndipo sachiritsika. N'chifukwa chake mafakitale osamala anasiya mchenga, amagwiritsa ntchito tizidutswa tachitsulo kapena miyala ya garnet, wowomberayo atavala chisoti cholowetsa mpweya woyera.

Ife a pashedi tichite motere. Mangani flap disc, chimbale cha timasandipepa tosanjikizana, ya nambala 60 kapena 80 pa galainda, muyende nayo pachitsulo chonse mpaka khungu lakuda litachoka ndipo chitsulo chikuoneka chotuwa. M'makona ndi m'maluwa okongoletsa lowetsani burashi yawaya, mumalizire ndi sandipepa wa nambala 80 pamanja. Samalani ndi burashi yawaya ya pa galainda: mukaikhazika malo amodzi nthawi yaitali imasalalitsa chitsulo n'kumawala, ndipo dzimbiri limangopukutika osachoka. Chitsulo chowala ngati sipuni penti sachigwira. Chimene tikufuna ndi choyera koma chokhakhala. Magalasi oteteza maso ndi chophimba mphuno musavule.

Ngati ndi geti lakale limene mukulipentanso, pali china choti musamale. Penti wakale, makamaka pulayima (penti woyamba wogona pachitsulo) wofiira wa kale ndi mitundu ina yachikasu, amatha kukhala ndi mtovu. Fumbi lake ndi poizoni, ndipo ana ndi amene amavulala kwambiri chifukwa limawononga ubongo umene ukukula. Palani monyowetsa, kutali ndi khonde ndi pophikira, musese zonse, ndipo musawotche pentiyo ndi moto. Pogula watsopano funsani wolembedwa kuti alibe mtovu.

Mukatha kupala, pukutaninso ndi thina. Kuyambira apa chitsulo musachigwire ndi manja osavala, thukuta lili ndi mchere.

Chachinayi: mankhwala a dzimbiri, ngati akufunika

Pa chitsulo chakale chokumbikakumbika, dzimbiri lina limatsalira m'timaenje mmene galainda safika. Apa amathandiza mankhwala aja ogulitsidwa m'mahadiweya otchedwa rust converter, ambiri mwa iwo okhala ndi asidi wa phosphoric. Nzeru yake ndi yakale. Mu 1906 Thomas Watts Coslett wa ku Birmingham ku England analembetsa njira yowiritsa zitsulo m'madzi a asidi ameneyu kuti pamwamba pake pamere kakhungu kotuwa komatirira, koteteza ku dzimbiri komanso kogwira penti. Mpaka pano thupi la galimoto limamizidwa m'mankhwala a mtundu umenewu kapena olowa m'malo mwake lisanaone penti. Pakani ndi burashi, dikirani nthawi imene yalembedwa pabotolo, ndipo tsatirani zimene alemba pa nkhani yotsuka, chifukwa mitundu ina imafuna kutsuka, ina ayi. Mankhwalawa salowa m'malo mwa kupala. Pa dzimbiri lochindikala amangodetsa pamwamba.

Chachisanu: sankhani tsiku ndi ola

Chitsulo chopalidwa sichigona. Pulayima alowe tsiku lomwelo, makamaka pasanathe maola anayi. Ngati geti ndi lalikulu, palani theka, pakani theka.

M'mamawa chitsulo chimakhala ndi mame ngakhale maso asakuwaona. Lamulo la m'mafakitale limati chitsulo chikhale chofunda ndi madigiri atatu kuposa pamene mame amayambira kugwa, ndipo chinyontho cha mumpweya chisapitirire 85 peresenti. Ife tilibe zoyezera, koma tili ndi nzeru: dikirani dzuwa likwere, cha m'ma 9 koloko, ndipo lekani nthawi ikadalipo kuti penti ayambe kuuma kusanazizire. Masiku a chiperoni ku Blantyre, Thyolo ndi Mulanje ingogwirani ntchito zina, musapente. Mu Okutobala vuto ndi lina. Chitsulo chokhala padzuwa chimatentha moti penti amauma asanayalane, n'kusiya pokhakhala ngati mchenga. Pentani pamthunzi, ndipo wazani madzi pansi kuti mphepo isakuulutsireni fumbi. Geti likhale pamwamba pa mabenchi kapena lopachika, osati lotsamira khoma, kuti mufike kumunsi kwake.

Chachisanu ndi chimodzi: pulayima, kuyambira ndi burashi

Red oxide amene timamudziwa tonse ndi pulayima, si penti womaliza. Ali ndi timabowo tosaoneka, ndipo akakhala yekha pamvula miyezi ingapo amalowetsa madzi. Mafelemu aja amene amaima m'mbali mwa msewu atapakidwa red oxide wosungunula kwambiri, wongofiiritsa, amafika pa nyumba dzimbiri litayamba kale. Ngati thumba likulola, gulani pulayima wa zinc phosphate, amateteza bwino kuposa red oxide wamba.

Takasani chitini mpaka pansi, chifukwa zoteteza zenizeni zimakhala zitakhazikika kumeneko. Kenako, musanagwire sipuleyi, tengani burashi yaing'ono mupake mfundo zonse zowotcherera, makona, m'mphepete, mozungulira mahinjesi ndi mabowo. Openta milatho amachita zimenezi nthawi zonse, chifukwa sipuleyi imadutsa pamwamba pa timaenje pamene burashi imakankhiramo penti. Pa mizere yofiira ija ya geti langa loyamba, mankhwala ake ena anali amenewa.

Malo amenewa akauma pang'ono, pakani pulayima geti lonse. Kumunsi, kumene madzi a mvula amathovukira ndi kumene agalu amakodzera, bwerezani kawiri.

Chachisanu ndi chiwiri: kutchera sipuleyi

Chida chimenechi chinachokera kuchipatala. Allen DeVilbiss anali dokotala ku Toledo, m'chigawo cha Ohio ku America, ndipo cha m'ma 1888 anapanga kachida kopopera mankhwala kukhosi kwa odwala. Mu 1907 mwana wake Thomas anakasintha kuti kazipopera penti. Pamene kampani ya DuPont inatulutsa penti wouma msanga wotchedwa Duco m'zaka za m'ma 1920, amene burashi sinkamutha, sipuleyi inalowa m'mafakitale a magalimoto, ndipo ntchito yopenta galimoto imene inkatenga milungu inatsika kwambiri. Sipuleyi zambiri za masiku ano, zolembedwa HVLP, zimatulutsa mpweya wambiri koma wosakankha mwamphamvu, kuti penti wochuluka agwere pachitsulo m'malo mouluka.

Yambani ndi kompuresa. Pansi pa thanki pali kampopi, katseguleni tsiku lililonse madzi atuluke. Mpweya ukapanikizidwa umasiya madzi, ndipo madziwo akafika mu penti amabala matuza. Ikani kasefa kogwira madzi pafupi ndi sipuleyi.

Kamwa ya sipuleyi ya mamilimita 1.8 ndi yabwino kwa pulayima, ya 1.4 kwa penti womaliza. Sungunulani penti ndi chosungunulira chimene chalembedwa pachitini, osati petulo. Enamel wamba, penti uja wa mafuta, amafuna tepentaini, wouma msanga ali ndi thina wake. Kawirikawiri gawo limodzi la chosungunulira pa magawo khumi a penti ndi poyambira pabwino. Kuthira thina wambiri kuti chitini chikwanire mageti awiri ndi kudzinamiza, thina amauluka yense, chotsala pachitsulo ndi penti yekha. Sefani pentiyo ndi kansalu kopyapyala musanathire m'kapu.

Tcherani mphamvu ya mpweya pafupifupi pa 2 bar polowera mu sipuleyi ya HVLP, kenako yesani pa katoni. Chotuluka chikhale chowulungika motalika, chonyowa mofanana. Chikamadontha timadontho tikulutikulu, penti walimba kapena mpweya wachepa. Chikamachita utsi wambiri, mpweya wachuluka.

Popopera, sipuleyi ikhale masentimita 15 mpaka 20 kuchokera pachitsulo, pafupifupi kutalika kwa chikhatho chotambasula. Yendetsani mkono wonse, osati kupinda dzanja lokha ngati mukuwaza madzi, chifukwa mukatero pakati pamachuluka, m'mbali n'kuchepa. Yambani kuyenda musanakoke chala, ndipo chisiyeni mutadutsa kumapeto. Mzere uliwonse uphimbe theka la mzere wapitawo. Pa mabaglaba owonda, chepetsani kufutukuka kwa sipuleyi, apo ayi penti wambiri mupenta naye mphepo. Kunena zoona, pa mabaglaba a ndodo zowonda burashi kapena karola kakang'ono kamapulumutsa penti kuposa sipuleyi, ndipo palibe chamanyazi pamenepo.

Kansalu komanga kumphuno sikatchinga nthunzi ya thina. Gulani chophimba chokhala ndi masefa a makala. Mbaula, fodya ndi wowotcherera mnzanu zikhale kutali, nthunziyo imayaka. Ndipo penti wa magalimoto wosakaniza ndi hadena (mankhwala omuumitsa), uja amati 2K, ali ndi mankhwala a isocyanate amene amayambitsa mphumu yosatha. Amafuna chipinda chake ndi chophimba cholowetsa mpweya wakunja. Musamupopere pashedi anyamata ophunzira ntchito ali pomwepo.

Chachisanu ndi chitatu: penti womaliza

Lolani pulayima aume monga chitini chanenera, nthawi zambiri mpaka mawa lake. Mudutsitseni sandipepa wosalala, wa nambala 320, mopepuka, n'kupukuta fumbi. Pakani penti womaliza kawiri mopyapyala, kusiya nthawi youma pakati. Kupaka kamodzi mochindikala kumayenderera misozi, ndipo kunja kumauma mkati mukadali phala. Pulayima ndi penti womaliza zikhale za banja limodzi. Penti wa thina wamphamvu akagwera pa enamel amene sanakhwime, amamukwinyitsa ngati khungu la nkhalamba. Ngati mukukayika, yesani pa kachidutswa.

Misozi ikachitika musaipukute ili yaiwisi. Isiyeni iume masiku angapo, muipale, mubwerezepo.

Ngati chitsulo chili cha galvanised

Malata, mapaipi a madzi ndi machubu ena amabwera atakutidwa ndi zinki. Njirayi analembetsa Stanislas Sorel ku France mu 1837. Chitsulo choyeretsedwa ndi asidi chimamizidwa mu zinki wosungunuka pa madigiri pafupifupi 450, ndipo zinkiyo amalumikizana nacho. Ubwino wake ndi wakuti ngakhale pakandike, zinki wozungulira amadyeka m'malo mwa chitsulo. Kwa sitandi ya thanki kapena chilichonse chokhala ponyowa, palibe penti wa m'chitini angafanane nazo.

Koma zinki ndi enamel sizimvana. Mafuta a mu enamel akakumana ndi zinki amapanga zinthu zonga sopo pansi pa penti, ndipo pakapita miyezi amasupuka m'mapepala. Mwaonapo madenga a malata opentedwa akusenda chonchi. Tsukani chitsulocho bwino ndi mankhwala ochotsa mafuta, mupake pulayima wolembedwa kuti ndi wa galvanised kapena etch primer, kenako penti wanu. Powotcherera chitsulo chotere, palani zinki pamalo owotchererawo ndipo chitani panja, utsi wake woyera umadwalitsa ngati malungo usiku wake. Mukatha, zinki amene wapsa mubwezereni ndi penti wa zinki wochuluka, amene amapezekanso m'zitini zopopera.

Nanga powder coating?

Makasitomala ena amafunsa penti wa ufa amene amamuona pa mafiriji, mipando ya m'maofesi ndi mafelemu a aluminiyamu. Chiyambi chake chili pa zinthu ziwiri. M'zaka za m'ma 1940 Harold Ransburg wa ku America anapeza njira yopatsa penti mphamvu ya magetsi kuti azikokedwa ndi chitsulo, mpaka kuzungulira kuseri kwa paipi. M'zaka za m'ma 1950 Erwin Gemmer wa ku Germany anapeza njira yomiza chitsulo chotentha mu ufa wa pulasitiki wouluzidwa ndi mpweya. M'zaka za m'ma 1960 nzeru ziwirizi zinakumana. Lero ufa umapoperedwa uli ndi magetsi, umamatirira pachitsulo chozizira, ndipo chinthucho chimalowa mu uvuni wa madigiri 180 mpaka 200 kwa mphindi 10 mpaka 20, ufawo n'kusungunuka kukhala khungu limodzi lolimba. Mulibe thina, ndipo ufa wogwa pansi amatha kuutolera.

Mukaganiza zotengera geti kwa ochita ntchitoyi, funsani kaye kukula kwa uvuni wawo musanawotcherere. Funsaninso mmene amayeretsera chitsulo, ndipo ngati yankho ndi kupukuta ndi nsalu basi, bwererani nalo. Ufa wopakidwa pa mill scale ukangokandika, dzimbiri limayenda pansi pake mwakachetechete mpaka khungu lonse litasupuka. Auzeni kuti ndi la panja kuti aike ufa wa polyester, chifukwa wa epoxy umatuwa padzuwa. Musaike body filler wamba, phala lija lotsekera maenje pachitsulo, pa chinthu cholowa mu uvuni. Ndipo kumbukirani kuti chinthu cha ufa simungachiwotchererenso osawononga, choncho mahinjesi, zogwirira loko ndi mabowo zonse zithe kaye.

Pomanga

Enamel amauma kukhudza tsiku limodzi, koma kukhwima kwenikweni kumatenga sabata kapena kuposa. Ponyamula, ikani makatoni kapena mabulangete akale pakati pa zitsulo, ndipo chingwe chisakhudze penti mwachindunji.

Mbali ya felemu kapena mzati imene ilowe m'khoma kapena pansi ipakeni penti wakuda wa phula, mupitirize mpaka masentimita 15 pamwamba pa nthaka, pakuti mzati umadukira pamene wakumana ndi dothi. Konkire ya patsinde iumbeni motsetsereka kuti madzi azithawa. Simenti ikagwera pa penti, ipukuteni ndi madzi isanaume, imadya enamel.

Pamalo amene mwawotcherera pomanga, penti wapsa mbali zonse ziwiri. Palani mpaka pa penti wabwino, pukutani, pakani pulayima ndi burashi, mubwere mawa kudzamaliza. Penti wotsala muthireni m'kabotolo kotseka bwino mumusiyire mwini nyumba, mumuonetse mabowo a kumunsi aja kuti aziwatokosa ndi waya mvula isanayambe, ndipo mumuuze kuti pokandika paliponse apale ndi kupakapo sabata yomweyo.